Kukayezetsa Chimfine pa Boma

Ndinanyamuka pakhomo Lachinayi cha m'ma 6 koloko m'mawa, kukuzizira, nditavala jekete lakuda lomwe ndinakwatira nalo. Mwana wanga Tadala, yemwe amakhala pa Boma pa Mwanza, anali atabereka mwana wamkazi, mdzukulu wanga woyamba. Koma anandiikira lamulo pa foni. Atamva ndayetsemula katatu moni ndisanamalize, anati, "Ababa, khandali simulinyamula mpaka mukayezetse chimfine ku famase. Masiku ano akumayeza pompopompo." Ine ndinkadziwa kuti amayeza malungo ndi shuga. Chimfine ndinkati chimadziyeza chokha, poti chimaonekera pamphuno. Koma sindinatsutse.

Kuyetsemulako kunayamba Lolemba, tsiku limene uthenga wa kubadwa kwa mwanayo unafika. Ndi chimwemwe, ndinatsegula sutikesi momwe malemu mkazi wanga Enelesi anapindamo jeketelo zaka zinayi zapitazo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaliyesa ngati likadandikwana.

Mpaka pa Thambani, pokwerera matola, ndinakwera kabaza wa aJosofati, K1,000. Ndikayetsemula, njinga inkapatuka yokha. "Madala," iwo anatero, "muziyamba mwaliza belu. Ndili ndi banja ine."

Pikapu ya matola inanyamuka 8 koloko itadutsa, K6,000 munthu mmodzi. Kumbuyo tinathithikana ndi madengu a manachesi, matumba a nandolo, ndi mbuzi imodzi yomangidwa miyendo. Poti si bwino mkhristu kugawira anzake matenda, ndinatulutsa mpango m'thumba la jekete n'kuphimba mphuno. Zinangoipiraipira. Ndikaukung'untha mpangowo kuti ndiupinde bwino, mayi wa manachesi yemwe ndinagundana naye phewa ankayetsemula. Kenako bambo wa chipewa chaubweya. Titatsika chigwa china, mbuzi nayo inayetsemula.

"Chimfine chanji chosadikira n'komwe mawa?" anatero mayi uja, akusendera kutali. Onse anasendera. Chibadwire changa, aka kanali koyamba kutambasula miyendo yonse iwiri pa matola.

Ali kutaliko anayamba kundichiza. Wina anati mandimu ndi uchi. Wina anati ndifukize masamba a bulugamu. Bambo wa chipewa anasisita thumba lake n'kunena chapansipansi, "Kapu imodzi ya kachasu, chimfine chimathawa osatsanzika."

"Pepani, ndine mkulu wa mpingo," ndinatero.

"Ndiye theka."

Sindinawaweruze. Amafuna kundithandiza ndi chimene anali nacho.

Galimoto itaima kuti injini imwe madzi, ndinagula chinangwa chophika cha K300. Wogulitsa anandipatsira patali ngati akudyetsa galu wa eni.

Tinafika pa Boma cha m'ma 11, malole opita ku Mozambique atandanda m'mbali mwa tala. Famase, sitolo ya mankhwala ija, ndinaipeza pafupi ndi msika. Mayi wovala gauni loyera anandikhazika pampando, ine n'kutambasula chala monga timachitira poyezetsa malungo.

"Chala sungani, bambo. Ndikufuna mphuno."

Anatulutsa kandodo kokhala ndi thonje kunsonga. Kandodo kameneko kanalowa kutali, moti ndinakumbukira nyimbo ya Sande sukulu imene ndinaiiwala kalekale. Misozi ili mbwembwembwe, ndinamva akufotokoza kuti tidikire mphindi khumi ndi zisanu. Pa kachipangizo koyera pakatuluka mzere umodzi ndiye kuti chimfine sichinapezeke, mizere ikaposa pamenepo ndiye kuti ndibwerere ku Thambani mwana ndisanamugwire. Ndapemphererapo zambiri pamoyo wanga, mvula, odwala, mtendere wa dziko. Mzere ndinali ndisanaupemphererepo.

Unatuluka umodzi.

"Thupi silikutentha, mutu sukuwawa," mayiyo anatero, akundiyang'ana modabwa. Ine ndinatulutsa mpango kuti ndipukute misozi. Iwo anayetsemula kawiri motsatizana, mpaka magalasi anatsikira pamphuno.

"Bambo, mpangowu mumausunga kuti?"

Ndinapisa m'thumba mpaka pansi penipeni. Munatuluka kansalu komangidwa ndi ulusi wofiira, kobooka pakona, kodzaza tsabola wa kambuzi wosinja wosakaniza ndi fodya. Mfundo yakeyo ndinaizindikira. Enelesi ankaika timitolo totere m'zovala kuti njenjete ndi mphemvu zisayandikire. Zaka zinayi njenjete sizinalilawe jeketelo. Mankhwala anali akugwirabe ntchito, kungoti tsopano ankagwira ine.

Mayi wa famase anaseka mpaka kugwira kauntala. Atapuma anati, "Komabe kachipangizoka sikaona zonse. Valani masiki iyi, mukasambe m'manja ndi sopo, ndipo thupi likatentha mupite kuchipatala. Jeketelo lisalowe m'nyumba ya khanda."

Kwa Tadala ndinafika 1 koloko. Jekete linatsala pachingwe choyanikira zovala, ndipo nkhuku zinalilambalala. Ndinasamba mpaka m'zigongono kawiri, mpongozi wanga akundithirira madzi uku akudziletsa kuseka. Kenako anandiika mwanayo m'manja, ine ndili m'shati yokha.

"Ababa, dzina tikudikira inu," anatero Tadala.

"Enelesi," ndinatero.

Khandalo linakwinya kamphuno n'kuyetsemula kamodzi, pang'onopang'ono. Tadala anandiyang'ana.

"Si ine," ndinatero. "Wangovomera dzina."

Ndaphunzira kuti munthu ungayende mtunda wautali kukafunsa chinthu chimene chili m'thumba mwako, komabe kuyezetsa kunandithandiza, chifukwa popanda mzere uja ndikanaona mdzukulu wanga pawindo. Mayi wa manachesi ndi bambo wa chipewa ndimawakumbukira m'pemphero, poti mwina mpaka lero akuchiza chimfine chimene sanadwale, aliyense ndi mankhwala ake. Kansalu kaja ndinakasoka pakona n'kukabwezera m'sutikesi. Mpango ndiye ndinagula wina.