Sikafu Yanga pa Mapazi a Tadala

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi ku Bradford. Tinkapemphera mu holo yobwereka, yonunkha utoto ndi majekete onyowa. Tsiku la chisankholo ndinayenda mapewa m'mwamba. Ndinkaganiza kuti mwana wa mkulu wa mpingo ndi mfumukazi yaing'ono.

Ufumu wanga sunachedwe kugwa. Amayi anali nesi ndipo kawirikawiri Lamlungu ankakhala ku ntchito, choncho mpando wakutsogolo m'galimoto unali wanga. Koma bambo anayamba kuzungulira mzinda kutola anthu opanda galimoto. Pakati pawo panali Mayi Nachisale, amene ankadikira mapepala okhalira m'dziko muno, ndi mwana wawo Tadala, msinkhu wanga. Tadala ankachita nseru akakhala kumbuyo, ndiye anamuika kutsogolo. Ine ndinkapanikizika pakati pa amayi awiri ndi mapoto a mpunga, ndikuyang'ana nkhongo yake mtima ukuwira.

Lamlungu lina kunagwa chipale chofewa. Tadala anabwera ndi tinsapato tansalu, ndipo pofika pa holo tinali titanyoweratu. Anakhala pakona milomo ikunjenjemera. Bambo anali atanyamula kale Baibulo kuti ayambe mapemphero. Analiika pansi, nagwada ndi suti yawo yatsopano, namuvula nsapato zija. Kenako anamasula sikafu m'khosi mwawo n'kuyamba kumupukuta mapazi. Sikafu imeneyo ndinawalukira ine kusukulu, yofiira, yokhotakhota, zala zanga zitachita matuza. Mpingo wonse unadikira. Nyimbo ya tsikulo sindinaimbe.

Pobwerera, titatsitsa aliyense, ndinalephera kudzigwira.

"Adadi, kodi anakusankhani ukulu kapena udalaivala?"

Anaseka pang'ono, kenako anaona kuti ndikulira. Anaimitsa galimoto.

"Chikondi, anthu aja anandisankha kuti ndiziwanyamula. Ambuye Yesu anagwira mapazi a anthu akuluakulu, ine ndikanike a mwana?"

"Koma sikafuyo ndi yanga."

"Pa zonse ndinavala lero, yofunda kwambiri inali imeneyo."

Sindinadziwe ngati andiyamikira kapena andigonjetsa.

Masiku ano ndimaona atsogoleri ena akulowa m'tchalitchi wina atawanyamulira Baibulo, wina botolo la madzi. Bambo anatula udindo kalekale, mawondo awo sagwadanso, koma akalankhula pamsonkhano holo yonse imakhala zii. Ulemu umenewo sanaupemphepo.

Ine ndi Tadala tinakula ngati pachibale, ngakhale nsanje siifa, imangokalamba. Pa ukwati wake ku Wakefield, amene anamuperekeza kuguwa ndi bambo anga, wanga ukwati usanachitike n'komwe. Ndinaombera m'manja ndi mtima wonse. Koma pojambulitsa ndinaonetsetsa kuti ndaima pakati pa Tadala ndi bambo anga.