Atandisudzula ku Malomo

Mkazi wanga atamwalira, ndinakhalabe pamudzi pawo, kufupi ndi Malomo ku Ntchisi, mpaka titakolola. Ndinalowa chikamwini pamenepo tsitsi langa lidakali lakuda bii. Nyumba ya malata ndinamanga ndine, ndi fodya wa manja angawa. Koma mwambo ndinkaudziwa: mkazi akatsogola, abale ake amamasula mwamuna kuti abwerere kwawo, ndipo ana, munda ndi nyumba zimatsala kuchikazi. Kumeneko ndiye kusudzula.

Tsikulo mlongo wake wa malemu, mwini mbumba, analankhula mwaulemu kwambiri moti ndinalakalaka akanangonditukwana.

"Alamu, munatisungira bwino mlongo wathu. Palibe mlandu. Takusudzulani, muyende bwino."

Ana anga aakazi awiri, okwatiwa pamudzi pomwepo, anangozyolika. Sindiwada, pabwalo paja analibe mawu. Ndinamanga bulangete, khasu ndi Baibulo pakaliyala wa njinga n'kulunjika kwathu ku Bowe. Pazitunda ndinkatsika n'kumakankha, ndipo njira yonse ndinali wokwiya. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira mwambo, ngakhale malemu amene anangonyamuka osandifunsa. Mulungunso sindinamusiye.

Kwathuko ndinapeza malo anga atatsekeka kalekale. Mayi anamwalira, minda alongo anga anagawana. Mlongo wanga wamng'ono anandipatsa kanyumba kamene ankasungiramo makasu ndi matumba, ndi kamunda kamiyala m'mbali mwa phiri. Ana ake ankanditcha amalume a ku Ntchisi, ngati kuti mchombo wanga unagwera kumeneko.

Lamulungu loyamba ndinapita kutchalitchi kumene ndinabatizidwira ndili khanda. Itakwana nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo, mwana wa dzulodzuloli, anandiponyera maso.

"Tili ndi alendo pakati pathu. Bambo muli kumbuyoko, taimirirani mutiuze kumene mwachokera."

Ndinaimirira. Nanga ndikanatani? Njerwa za khoma limene ndinatsamiralo ndinasenza nawo ndili mnyamata, tikumanganso tchalitchicho. Ndinati ndachokera ku Malomo, anthu anaomba m'manja, ine n'kukhala pansi. Sindinasungulumwepo ngati tsiku limenelo, ngakhale pamaliro paja.

Poti ndinalibe wocheza naye, ndinayamba kulankhula ndi Mulungu kumunda, mokweza, uku ndikutola miyala. Poyamba kunali kudandaula kokhakokha. Ndinkamuuza kuti ndakalamba, kuti msana ukuwawa, kuti ndikadzadwala sindikudziwa amene adzandiphikire phala. Za mawa sanandiyankhe, ndipo mpaka lero sanayankhebe. Koma pang'onopang'ono ndinaona kuti tsiku lililonse linkafika ndi zake zondikwanira: mphamvu zolimira mizere ingapo, kambale ka ndiwo kochokera kwa mlongo wanga, mwina munthu wodutsa wondipatsa moni. Pemphero la Ambuye ndinaliloweza ndili mwana, koma zoti m'menemo timapempha chakudya cha tsiku limodzi lokha ndinazimva nditataya nkhokwe.

Ndisaname, kusungulumwa sikunathe. Ndikamva nkhani yoseketsa ndimachewukabe kuti ndiwauze mayi a ana anga. Chimene chinachoka ndi mantha aja odzuka nawo m'mawa, omwe ankandikhala pachifuwa ndisanatsegule n'komwe chitseko. Masiku ano ndikadzuka ndimangoti, "Ambuye, ndilipo, inunso mulipo," n'kunyamula khasu.

Mwamuna wa mlongo wangayo ndi wa ku Kasakula, nayenso mkamwini pamudzi pathu. Ndinamupeza akuumba njerwa zoti amange nyumba yaikulu, koma nditangofika ntchitoyo inaima. Chikombole chinangokhala padzuwa mpaka kung'aluka. Tsiku lina ananditsatira kumunda, n'kukhala pamulu wa miyala yanga.

"Alamu, ndifunse nawo. Njerwa zija ndipitirize? Ndikakuonani inu, manja amandilemera."

"Umbani, alamu," ndinamuyankha. "M'nyumba yanga ija zidzukulu zanga zikugona osanyowa. Sindinataye kanthu."

"Nanga inuyo?"

"Ine anandichotsa m'nyumbamo, koma Wondisunga sanatsalire m'menemo. Ndinabwera naye kuno."

Anayamba kufukula dothi ndi chala cha kuphazi. Kenako anati, "Koma mukudziwa kuti mwamuna wamkulu pambumba pano ndinu? Mlongo wanuyu akadzatsogola, wodzaimirira kundisudzula ine mudzakhala inuyo."

Zimenezo ndinali ndisanaziganizirepo. Ndinkadziona ngati wongosungidwa, osadziwa kuti mawu aja anandipyoza mtima ali m'kamwa mwanga kudikira tsiku lake. M'mawa mwake ndinakonza chikombole chija, ndipo tinaponda dothi limodzi mpaka dzuwa litafika pamutu.

Nyumbayo tsopano yafika pamawindo. Za mawa ndinasiya kumufunsa Mulungu, kupatula chinthu chimodzi chokha: ndimamupempha kuti mlongo wanga adzandiike m'manda ndiye.