Mlendo wa kuseli kwa msika

Pa Sondo yapitayi mvula inanditsekela m'tchalitchi.

Ndili ndi kachizolowezi kanga. Ndikapita kokapemphela, ndipo sindinama kuti ndimapita Sondo iliyonse, ndimakhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko. Pemphelo lomaliza likangotha ndimatuluka mwakachetechete, zilengezo zisanayambe. Zilengezo za kuno ku Petauke mukuzidziwa inu: zimayambila pa msonkhano wa azimai, kudzela pa mbuzi yosochela, mpaka mimba kuyamba kulila. Koma tsiku limenelo kunja kunali chimvula choti ngakhale galu sakanatuluka, ambulela nditaiiwala kunyumba. Ndinangokhalanso pansi.

Mkulu wa mpingo anatsokomola nati, "Alendo onse amene ali pakati pathu aimilile, tiwaone."

Anaimilila atsikana awili ophunzila unamwino ochokela ku Minga, ndi bambo wina wa ku Katete amene anabwela kudzaona mlongo wake. Ndili mkati mowaombela m'manja, ndinamva dzanja paphewa panga. Anali amai ena achikulile, aja amalandila anthu pakhomo ndi kuwaonetsa pokhala. Dzina lawo ndinalidziwa pambuyo pake, ndi amai Sakala.

"Bambo, musachite manyazi," anatelo monong'ona. "Imililani, kuno sitiluma."

Inu mukanatani? Zaka zinayi ndakhala m'tauni muno. Ndinafuna kufotokoza, koma amai aja anali atandigwila kale pachigongono, mitu yonse itatembenukila kumbuyo. Ndinaimilila.

"Takulandilani, bambo," anatelo mkulu uja. "Ndinu ndani, ndipo mwachokela kuti?"

"Ndine Mumba. Ndachokela kuseli kwa msika."

Tchalitchi chonse chinafa nako kuseka. Kutsogolo, pakati pa azimai a mabulauzi oyela, ndinaona mapewa ena akugwedezeka kuposa onse. Anali a mkazi wanga, amake Taonga. Kucheuka kokha sanacheuke.

Ndinaseka nawo. Koma pobwelela kunyumba, ndikulumpha zithaphwi, funso lija linandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Mwachokela kuti?

Ndinabadwila ku Mwape, m'boma la Nyimba. Ndinachokako ndevu zisanamele, kupita ku Lusaka kukafuna nchito, ndipo ndinaipeza m'sitolo yogulitsa zitsulo ndi utoto. Kumeneko ndinakwatila mtsikana wa Chibemba wokulila mu Chawama, tinabeleka ana, imvi zinatuluka. Zaka zonsezo ndinali "wa kum'mawa." Anzanga a ku nchito, Abemba, ankandiseka kuti kwathu timadya mbewa, ine ndinkawabwezela kuti kwawo amadya anyani, ndipo mumtima ndinkati, sekani, ine ndili ndi kwathu. Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mawu amenewo ndinali kuwanena kawilikawili, mpaka ana anga anayamba kundimalizila ndisanathe.

Nchito itatha ndinati tiyeni kwathu. Koma kwathu kuti? Ku Mwape makolo anagona kale, abale anabalalika, pamene panali nyumba ya atate pali munda wa munthu wina. Msewu wa kumeneko nthawi ya mvula si wa munthu wa maondo ngati anga. Choncho ndinasankha Petauke: chipatala pafupi, magetsi alipo, ndipo Chinsenga chimamveka mumsewu. Ndinamanga kanyumba kuseli kwa msika, nkukazungulitsa mpanda wa njelwa ndi geti yachitsulo, monga momwe ndinkaonela kwa mabwana ku Lusaka.

Amake Taonga sanafune kubwela. Tsiku losamuka analila kuchokela ku Chongwe mpaka pa mlatho wa Luangwa. Pa Nyimba ndinawagulila nthochi kuti mtima ukhale pansi, anazikana. "Mukunditengela kuthengo," anatelo. "Ndikalankhula ndi ndani kumeneko?"

Ndinawalonjeza kuti ndidzawaonetsa zonse. Kwathu kumeneku, ndinatelo, anthu onse ndi abale.

Mwezi wathawu mwana wathu Taonga anatiitana ku Lusaka. Iye ndi mwamuna wake amanga nyumba yaikulu kumbali ya Chalala, ndipo kuseli aikako kanyumba ka zipinda ziwili. Atationetsa anati, "Atate, kanyumba aka ndi kanu. Mukukalamba. Mukadwala usiku ku Petauke, ine ndidzafika liti? Bwelani, adzukulu anu akule akukuonani."

Ndinamuuza kuti ndiyambe ndaganiza. M'mawa mwake ndinakwela minibasi ndekha kupita ku Chawama, kukaona kumene tinakhala zaka zonse zija. Ndinatsikila pa siteshoni yolakwika, chifukwa mtengo umene ndinkazindikilila malowo anaudula. Nyumba yathu yakale ndinaipeza itasanduka mashopu atatu. Pamene panali chipinda chathu chogona, mtsikana wina anali kuluka tsitsi la mnzake. Ndinaima ndikuyang'ana mpaka mwini shopu ya pafupi anatuluka nati, "Ba mudala, mufuna ndani?"

Sindinafune aliyense. Ndinangoti ndasochela, ndipo sikunali kunama.

Komabe, m'basi pobwelela, mtima wanga unali utapendekela kale ku Lusaka. Mudabwa? Ku Lusaka aliyense ndi wobwela, choncho kusadziwika sikuwawa. Koma kusadziwika kumene iwe umati ndi kwanu, kumeneko ndiye kumalasa. Pa Nyimba ndinatulutsa mutu pawindo nkupatsa moni mai wogulitsa nthochi m'Chinsenga changa chabwino kwambili, "Muli tyani, amama?" Anandiyang'ana nsapato mpaka chipewa, nkundiyankha m'Chinyanja cha alendo, "Tili bwino, bwana, tengani izi zakupsa." Lilime langa linamugulitsila chinsinsi. Chinsenga changa chinachita dzimbili m'tauni.

Ndiye zitachitika za pa Sondo zija, ndinati basi, chakwana. Madzulo ake ndinawauza amake Taonga, ndikuyembekeza kuti avina.

"Ndaganiza bwino. Tivomele zimene wanena mwana. Tibwelele ku Lusaka."

Anali kusankha nshawa pa lichelo. Sanadzutse mutu.

"Mupite bwino," anatelo. "Mukapeleke moni kwa adzukulu."

Ndinayesa nthabwala. Sinali nthabwala. Tinagona osamaliza nkhaniyo, ndipo pa Mande tinalankhulana za mchele ndi za nkhuku zokha.

Pa Chiwili masana wina anagogoda pa geti. Anali amai Sakala, atasenza kadengu ka mbatata ndi mphonda. Kuno mlendo akaimilila m'tchalitchi amayendeledwa, ndipo iwo anafunsafunsa kuseli kwa msika mpaka anapeza nyumba ya aMumba. Ndinawatsegulila, ndinawapatsa mpando pakhonde. Tili kupatsana moni, amake Taonga anatulukila kuchokela kukhichini akupukuta manja.

Amai Sakala anaimilila, dzanja pakamwa.

"Amake Taonga! Mukuchita chiyani pano?"

"Ndi pakhomo panga pano."

"Nanga bambo awa?"

"Amuna anga."

Amai aja anakhala pansi pang'onopang'ono. Anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wanga, kenaka anayamba kuseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Mundikhululukile, bambo. Ife ku chigwilizano cha azimai tonse timayesa amai awa ndi amasiye! Kumalilo okha, kuchipatala kukaona odwala okha, paukwati okha. Tinkangoti, tisawafunse, tingawakumbutse chisoni. Chaka chatha tinawapemphelela ndithu pamodzi ndi amasiye ena!"

"Ndipo munavomela?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Pemphelo sakana," anatelo.

Taonani nkhani yake. Munthu amene analila mpaka pa mlatho wa Luangwa, lelo akadutsa mumsika amaima kasanu asanafike pa tomato. Chinsenga chake ndi chokhotakhota, chosakaniza ndi Chibemba, koma amachilankhula mopanda mantha ndipo anthu amamukondela chomwecho. Akudziwa mwana wa ndani wadwala, ndani wakolola bwino, ndani asamupatse ngongole ya nkhuku. Ine mwini dziko, mwana wa ku Mwape, ndinaikidwa m'manda anthu osandiona nkomwe.

Amai Sakala atapita, mkazi wanga anakhala pa mpando umene anasiya.

"Atate ake Taonga, mvelani. Ulendo woyamba ndinakutsatilani ndikulila. Nditafika kuno ndinaona kuti ndikakhala m'mpandamu ndifa ndi msunamo, ndiye ndinatuluka. Ndinayamba ndi kupempha moto kwa aneba, chikhalilecho machesi ndili nawo. Inu munati anthu onse kuno ndi abale, koma munakhala pakhonde kudikila kuti abalewo abwele kudzakupezani. Akudziwani bwanji? Tsopano mukufuna ndikayambenso kupempha moto ku Chalala, kumene aneba amaonana pa galasi la galimoto? Iyayi. Ulendo uno munditsatile ndinu. Ndipo ine sindikupita kulikonse."

Sindine ndekha, ndikudziwa. Yendani m'Petauke muno, yendani pa Nyimba, muwelenge nyumba zatsopano za mipanda italiitali. Zambili ndi za ife obwelela. Tinakhala moyo wonse m'tauni tikulota kumudzi, ndipo pobwela tinanyamula tauniyo pamutu: geti, loko, galu, ndi chizolowezi chosafunsa dzina la munthu wa khomo lachiwili. Kenaka timadandaula kuti anthu a kwathu anasintha, alibenso chikondi. Kodi chikondicho chikwele mpanda?

Komanso tisadzinamize. Kwathu kumene timakusunga mumtima ndi kwa tsiku limene tinachoka. Anthu ake ndi aja, mitengo yake ndi ija. Koma mudzi sudikila munthu. Ana amabadwa, akulu amagona, obwela ochokela ku Katete ndi ku Chadiza amalima minda imene tinkadyetsamo mbuzi, ndipo nawonso ndi eni ake tsopano, chifukwa analipo pamene ife kunalibe. Kubadwila pamalo kumakupatsa nkhani yokamba. Mpando wokhalapo amakupatsa ndi anthu amene wagwa nawo m'matope.

Sindikunyoza amene amasankha kukakhala ndi ana awo m'tauni. Mantha a Taonga ndi oona, ndipo tsiku lina mwina maondo awa adzatikakamiza. Ndinamuimbila foni pa Chitatu. Ndinamuuza kuti kanyumba kaja aikemo munthu wa lendi poyamba, ife tikadali kuno. Iye anati, "Amama ndi amene akana, eti?" Ndinati tagwilizana. Anaseka monga amasekela amake. Tinapangana kuti pa holide adzukulu azibwela kuno, adzaone kuti mango samela m'shopu.

Mailo, pa Chinayi, amake Taonga anandidzutsa ndi nkhani yakuti mvula ija inagwetsa chipupa cha khichini kwa aNjobvu, nyumba yachitatu kuchokela pathu, ndipo azibambo akukumana kukathandiza kumanga. Sanandifunse ngati ndipita. Anangondiikila malaya akale pa bedi.

Ndinapita. Ndinapeza azibambo angapo ataponda kale dothi. Nditapeleka moni anayang'anana, mpaka aNjobvu, bambo wamfupi wa mawu aakulu, anati, "Aa, ndimwe alendo a pa Sondo! Amuna awo a amake Taonga!" Onse anati, "Ooo!" ndipo nkhope zinamasuka. Anandipatsa nchito yopatsila njelwa, ija amapatsa munthu amene sakumudalila kwenikweni. Manja anga anatuluka matuza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo anandiseka mokwanila. Koma pa nkhani ya kuongola chipupa ndinalankhulako, pakuti zaka zanga m'sitolo ya zitsulo sizinapite pachabe, ndipo anandimvela. Chinsenga changa chikakhota, aNjobvu ankachiongola pomwepo, mokweza, kuti aliyense amve.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawadziwa atate anga. Dzina la mudzi wathu ku Mwape analimvapo mmodzi yekha, ndipo analisokoneza ndi mudzi wina. Kwa iwo ndine mwamuna wa amake Taonga, Mbemba wa ku Chawama amene ndinabwela naye kuti ndimuonetse kwathu. Ndaganiza kuti dzina limeneli ndilivomele. Alipo maina oipa kuposa limeneli.

Pochoka, aNjobvu anandikuwila ndili kale pamsewu, "Pa Chiwelu tikhoma denga! Mukapanda kuoneka tibwela kudzagwetsa geti!"

Ndinayenda ndikumwetulila ngati mwana. Zaka zinayi, ndipo kanali koyamba munthu kundiopseza kuti adzandifuna.

Ndiye inu amene muli ku Lusaka kapena ku Migodi, mukutumiza ndalama za njelwa kumudzi, ndi inu amene munabwela kale ndipo mukuwelenga izi kuseli kwa geti yokhoma, musavutike kundiuza kumene munabadwila. Ndiuzeni ichi chokha: kumene mukukhalako, mutapanda kuoneka sabata yathunthu, ndani angagogode kudzafunsa ngati muli moyo?