Wosankha Nkhuni za Paguwa

Mkulu woyandikana nafe kuno ku Yerusalemu anabadwira m'banja la ansembe, koma paguwa sanaimepo. Anathyoka mwendo ali mnyamata, ndipo lamulo limati wolumala asapereke nsembe. Ntchito yawo ku Kachisi ndi kusankha nkhuni za paguwa, kutaya zofumbwa. Ukawapatsa moni amangoti, "Tilipo, tikukonzera anzathu moto."

Dzulo ndinakumana nawo akutsimphina, chikuni chofumbwa chili paphewa.

"Bambo, kodi nkhuni zatha kunyumba?" ndinawafunsa.

"Zilipo, mwanawe. Koma ichi chinakulira paphiri limodzi ndi zinzake. Kabowo kamodzi kokha, basi ndachikana ndi manja angawa." Anachisisita ngati mwana wodwala. "Paguwa sichingafike. Chikayakire kwa ine, mnzake."