A Kumagai, Chigawenga cha Chaka ndi Chaka

A Kumagai Noboru anakhalapo chigawenga kakhumi ndi kasanu ndi kanayi, ndipo ulendo uliwonse ankagwidwa belu la chakudya chamasana lisanalire. Ntchito yawo yeniyeni inali yosamalira pasukulu ya pulayimale ya m'tauni mwathu muno, ija ili kuseri kwa fakitale yoika nsomba m'zitini. Ankasintha mababu, kudulira mitengo, kutsegula mipope ikatsekeka ndi kudyetsa nkhuku zitatu za ana a sitandade 2. Anaphunzira pasukulu yomweyo ali mwana. Atakula anapita ku Tokyo kukawotcherera zitsulo, n'kubwerako ndi msana wopindika komanso mkazi wa pakamwa pakuthwa, mayi Sachie.

Uchigawengawo unkabwera mwezi wa Novembala. Chaka chilichonse pasukulu pamachitika chionetsero chophunzitsa ana kudziteteza kwa anthu oipa, ndiye pamafunika munthu woipayo. Mphunzitsi sangakhale, ulemu wake ungalowere kuti? Ndiye ankatenga a Kumagai. Ankawaveka magalasi akuda, chipewa chakuda, masiki ndi jekete lakuda lonunkha mankhwala a njenjete, m'manja mpeni wa katoni. Koma choopsa pa zonse chinali chakuti ankalowa m'khonde atavala nsapato zapanja, zimene aliyense pasukulupo amavula pakhomo. Apo ndiye ana ankakuwa zenizeni, poti munthu woponda pansi popukutidwa bwino ndi nsapato zamatope palibe chimene angalephere kuchita.

Akangolowa, pachimkuzamawu pankamveka kuti, "Katundu wamkulu wafika pakhomo lakummawa." Mawu achinsinsi amenewo, odziwika ndi tauni yonse. Ana ankadzitsekera m'makalasi n'kuunjika madesiki kuchitseko, ndipo aphunzitsi aamuna ankatuluka ndi ndodo zazitali zamphanda n'kuwapanikiza a Kumagai kukhoma mpaka nthiti kulira. Wapolisi woitanidwa ankaomba m'manja. Ana ankapita kwawo atadziwa bwinobwino kuti munthu woipa ndi mlendo, amavala zakuda, ndipo savula nsapato.

"Inu bambo, zaka zonsezi simunabeko ngakhale mwana mmodzi?" ankatero mayi Sachie akuwamata mankhwala m'nthiti. "Chigawenga chanji chimenecho? Akanakulembani ntchito achifwamba enieni bwenzi atakuchotsani sabata yoyamba."

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi a Kumagai anapuma monga mwa lamulo, koma sukulu inkawalembanso chaka ndi chaka. Mwezi wa Malichi uliwonse ahedi ankadinda kapepala, ndipo kapepalako ndi kamene kankaika mpunga patebulo. Chaka chimene tikunenachi anali atatsala ndi chidindo chimodzi chokha kuti afike pamsinkhu wolandira penshoni. Ankachifuna chidindocho ndi mtima wonse, moti akakumana ndi ahedi ankawerama mpaka msana wopindikawo kudandaula.

Tsono pasukulupo panali mphunzitsi wa nyimbo, a Ishizuka. Kwaya yawo inapambana mpikisano wa chigawo chonse katatu, ndipo zikho zinali m'kabati yagalasi pakhomo penipeni kuti ngakhale wobweretsa mkaka azione. Anali munthu wa mawu ofewa, malaya osita, wodziwa tsiku lobadwa la mwana aliyense. Makolo ankalimbirana kuti ana awo alowe m'kwayamo. Pafupi ndi kalasi ya nyimbo panali kachipinda kosungira ng'oma ndi zitoliro, ndipo chitseko chake, monga zitseko zonse za pasukulupo, chinali ndi kagalasi koonera m'kati. A Ishizuka anamata pagalasipo pepala lolimbikitsa ana kupatsana moni mwansangala. Lachiwiri lililonse anzake akamapita kwawo, mwana mmodzi ankatsalira kuti akakonzedwe mawu m'kachipindamo, ndipo loko linkalira kuti kwatcha.

A Kumagai ankalimva lokolo akamakolopa m'khonde, koma ankadziuza kuti za nyimbo sazidziwa. Mpaka Lachiwiri lina anapeza mtsikana wa sitandade 5, dzina lake Kotone, atanyonyomala kuseri kwa khola la nkhuku.

"Kodi iwe Kotone, nkhuku zakuitana ku msonkhano?"

"M'mimba mukundipweteka."

"M'mimba mwakomo mumawerenga kalendala? Sabata yathanso munapweteka Lachiwiri."

Mwanayo sanaseke. Pawindo la pamwamba panatuluka mawu ofewa aja akuitana dzina lake. Kotone anaimirira, anasasa siketi, n'kupita akukoka miyendo osacheuka. A Kumagai anatsala ndi mbale ya chakudya cha nkhuku m'manja. Anachita mantha, ndipo kenako anachita manyazi, chifukwa chimene chinabwera m'mutu mwawo poyamba sichinali mwanayo koma chidindo cha Malichi.

Zinawatengera masabata awiri kuti agogode pachitseko cha ahedi. Ahediwo, a Teshima, anali munthu amene mbiri yawo yonse inali yakuti m'masukulu anayi amene anayendetsa simunachitikepo kanthu. Ankanyadira zimenezi ngati munthu wonyadira munda wopanda udzu chifukwa choti sanadzalemonso mbewu. Anamvetsera akuthira tiyi wobiriwira m'tikapu tiwiri.

"Tsono a Kumagai, inuyo mwaona chiyani ndi maso anu?"

"Pepala pagalasi, bwana."

"Pepala lalakwa chiyani? Si la moni lija?"

"Ndiye amakhomanso ndi loko. Ndipo mwana uja..."

"Ana akamaphunzira kuimba amachita manyazi anthu akamawasuzumira. Mawu ngati amenewa akatuluka pakhomo pano amapha munthu wosalakwa, amaphanso sukulu." Anamwa tiyi pang'ono. "Mitengo ya kuchipata ija mwadulira? Malichi sali kutalitu, ndimafuna ndikamadinda mapepala mtima uli m'malo."

A Kumagai anawerama n'kutuluka. Madzulo omwewo anakamatula pepalalo okha. Kutacha anapeza pamatidwa lina lokhuthala, lolimbikitsa kusamba m'manja, ndipo patebulo lawo panali kakalata ka ahedi kowakumbutsa kuti zomatidwa ndi aphunzitsi si zinyalala.

Kenako Novembala anafika. Chaka chimenecho alendo anachuluka: wapolisi, amayi a komiti ya makolo, ndi mkulu wina wochokera ku ofesi ya maphunziro wokhala ndi kamera. A Kumagai anayang'ana jekete lakuda lili pamsomali, analisiya pomwepo. Anafika pakhomo ndi ovololo yawo ya masiku onse, anavula nsapato, anaziika bwinobwino zitayang'ana kunja, n'kuvala nsapato zoyendera m'kati. Chimkuzamawu chinali chitalengeza kale za katundu wamkulu uja poti nthawi inali itakwana. Aphunzitsi asanu ndi mmodzi anali atandanda pakhomo lakummawa ndi ndodo zawo zamphanda, maso ali tcheru pachipata.

"Simunavalebe, a Kumagai?" anafunsa wa masewera olimbitsa thupi. "Fulumirani, mikono yatopa."

"Ndikubwera, aphunzitsi," anayankha, n'kuwadutsa.

Anagogoda pa sitandade 1. "Ndine Kumagai. Ahedi akufuna mwana mmodzi." Madesiki anasunthidwa, chitseko chinatseguka, mphunzitsi anasankha yekha mwana wakhalidwe labwino n'kumupereka. M'khonde a Kumagai anamunong'oneza mwanayo kuti, "Iwe wasankhidwa. Ndi chinsinsi chathu, usauze aliyense." Mwanayo anagwedeza mutu, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Anachita chimodzimodzi kalasi ndi kalasi, kupatula ya Kotone, poti mwana ameneyo sakanamulowetsanso m'kachipinda kaja ngakhale mwa sewero. Pomaliza anali ndi ana asanu ndi anayi m'kachipinda ka ng'oma. Anakhoma ndi makiyi awo a ntchito, anawauza kuti akhale chete, ndipo anawo anakhala chete, chifukwa ana athu timawalera bwino.

Kunja ndodo zamphanda zinadikira theka la ola. Mkulu wa kamera anajambula chipata chopanda munthu mpaka anatopa. Ahedi ataona kuti chigawenga chajomba analamula kuti ana awerengedwe chionetsero chithe, ndipo apo ndi pamene aphunzitsi asanu ndi anayi anakweza manja kufunsa kuti ana amene ahedi anaitanitsa aja abwerera liti.

Munthu sanaonepo aphunzitsi akuthamanga chonchija. Anafufuza m'zimbudzi, padenga, m'dziwe losambiramo lopanda madzi, wina mpaka anasuzumira m'khola la nkhuku ndodo ili m'manja. Pakhomo la kachipinda kaja anadutsapo kanayi. Kachisanu wapolisi anaima, anayesa chogwirira, n'kugogoda.

A Kumagai anatsegula. Ana asanu ndi anayi anali atakhala pansi mwadongosolo, manja pamaondo.

"Chigawenga ndine pano," anatero a Kumagai. "Lero sindinapeze nthawi yovala."

Wapolisi anayang'ana anawo, anayang'ana pepala la pagalasi, n'kufunsa kuti wamata ndani, nanga chipinda chosungira ng'oma chimakhomedwa bwanji cham'kati. A Ishizuka anali cha kumbuyo, akumwetulira mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Ahedi anati zimenezo ndi nkhani za m'sukulu, aziona okha, ndipo wapolisiyo, poti anaitanidwa kudzaomba m'manja osati kudzafunsa mafunso, analemba kenakake m'kabuku n'kupita kukadya.

Musaganize kuti a Kumagai anawanyamula m'mwamba. Zimene anachitazo zinalidi zoopsa, ndipo makolo a ana asanu ndi anayi aja anapsa mtima pomveka. Ahedi anayenda khomo ndi khomo ndi mabokosi a makeke, kupepesa chifukwa cha wantchito wokalamba amene mutu wayamba kumusokonekera. A Kumagai analemba kalata yopepesa katatu, ziwiri zoyamba zitabwezedwa kuti kulapa kwake sikukuoneka. Pepala la pagalasi linachotsedwa mwakachetechete, maphunziro a Lachiwiri anaima, ndipo aliyense anagwirizana kuti palibe chimene chinachitika. Malichi atafika ahedi anadinda mapepala onse kupatula limodzi.

"Mwabako ana tsopano, mwakhutira?" anatero mayi Sachie. Anawaikira mpunga wambiri kuposa masiku onse, n'kupita kukalirira kubafa madzi akutuluka kuti asamveke.

Nanga a Ishizuka? Dzina lawo linatuluka m'nyuzi pamndandanda wa aphunzitsi osamutsidwa mu Epulo, pakati pa mayina ena mazana. Ankapita kusukulu yaikulu kutsidya kwa mtsinje, ya ana ochuluka kawiri, yomwe inali ikufunafuna katswiri wa kwaya. A Teshima ndiwo analemba kalata yowayamikira, ndipo akuti inali yokoma kwambiri.

Pakati pa Epulo onse ochoka amaitanidwanso kusukulu kudzatsanzikana ndi ana. A Kumagai sankafuna kupita, koma mayi Sachie anawasitira suti n'kuwakankhira panja. Anawakhazika pampando wakumapeto kwenikweni kwa nsanja, pafupi ndi bokosi lakale loyendetsera zimkuzamawu za muholo. Ana anadzaza pansi, makolo a kwaya ataima kumbuyo ndi mipango yopukutira misozi. Wochoka aliyense amawerengeredwa kalata yothokoza ndi mwana mmodzi, kenako n'kupatsidwa maluwa. Ya a Ishizuka anasankha kuti awerenge mwana wa mawu okoma kuposa onse m'kwaya, Kotone. Kalatayo inali itaonedwa ndi aphunzitsi awiri.

Kotone anaima pamaikolofoni, maluwa m'khwapa. Anawerenga kuti aphunzitsi Ishizuka anawaphunzitsa kukonda nyimbo. Anawerenga kuti sadzaiwala tsiku la chikho. Kenako anasiya. Anapinda pepala pawiri, anapindanso, ndipo holo yonse inamva kupuma kwake.

"Ine m'kachipinda kaja sindinkafuna kulowamo," anatero. "Ndinkanena kuti sindikufuna."

Ahedi anadzambatuka. Anathamangira pabokosi lija, anaona mabatani makumi awiri opanda zolemba, amene kwa zaka zonsezi ankawadziwa munthu mmodzi yekha. Anadina limodzi, magetsi a pansanja anawala kwambiri. Anawerama pakhutu pa a Kumagai, thukuta lili kamukamu.

"A Kumagai, zimitsani chimenechi! Msanga!"

A Kumagai anaimirira, anawerama mwaulemu wonse umene anauphunzira pazaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Pepani, bwana. Ine ntchito inatha mwezi watha. Mlendo sagwira zipangizo za sukulu."

Anakhalanso pansi. Kotone anapitiriza, ndipo mawu ake ankafika mpaka kukhoma lakumbuyo kumene mayi ake anali ataima. Asanamalize, pamzere wa ana a sitandade 6 panaimirira mtsikana wina wa m'kwaya.