Nkhope ya Amama Imene Ndinaotcha

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene Ambuye anaitana amama. Kwathu ku Mphamba anatisiyila chithunzi chimodzi chokha, chimene anajambulitsa ku boma atavala bulauzi yoyela ya amayi a mpingo. Adada anachikhoma pa chipupa.

Tsiku lina ndikusesa, ndinapeza envulopu m'Baibulo la amama. Munali kapepala kolimba, kofiilila, koonekela mkati. Nditakaloza ku dzuwa, ndinaonamo munthu. Anali amama, koma nkhope ili mbuu, mano akuda, ndipo bulauzi yoyela ija ili bii ngati makala. Ndinakhulupilila kuti Satana akundionetsa amama ali ku mdima. Sindinauze munthu. Ndinakaponya pa moto, kanapindika, kananunkha, ndipo ndinapemphela kuti Mulungu awatulutse kumeneko.

Mvula ya chaka chotsatila inadontha pa chipupa, chiswe chinamaliza zotsala. Pa chithunzi panangotsala mapewa. Adada anandikweza pa njinga mpaka kuseli kwa msika wa Lundazi, kwa a Zimba, mkulu amene anajambula chithunzicho.

"Musadandaule, a Nyilenda," anatelo a Zimba. "Bweletsani negetivu, nditsuka china."

"Negetivu n'chiyani?" anafunsa adada.

"Aa! Paja ndinati muisunge bwino, inu n'kuvomela ndi mutu ngati mwamva ulaliki."

"Ndinachita manyazi kufunsa," anatelo adada.

A Zimba anatulutsa kapepala kofanana ndi kaja, nakakweza pa windo. Anati mmenemo choyela chimaoneka chakuda, chakuda chimaoneka choyela, ndipo kuwala kukapyola m'katimo, munthu amatuluka monga analili. Anati chithunzi ndi mwana chabe, negetivu ndiye make.

Ndinalila pomwepo, n'kuulula. Ndinkayembekeza mbama. Adada anangovula chipewa, nachigwila m'manja.

"Mwana waotcha chimene ine sindinamuuze dzina," anatelo, natembenukila kwa ine. "Tiye, mama."

Njila yonse ndinkangomva tcheni cha njinga.

Lelo ndine ndimajambula pa ubatizo ndi pa maukwati a mpingo wathu. Mau a nchitoyi, fokasi, shata, lenzi, ndinawaphunzila mmodzimmodzi, ndikufunsa ngati mwana, anyamata akundiseka. Ndikapatsa munthu zithunzi, sindimulola kupita asanandibwezele m'mau ake zimene ndamuuza kuti asunge. Ndinaona kuti chinthu chimene sudziwa dzina lake umachiopa, ndipo chimene ukuopa umafulumila kuchiwononga.

Nkhope ya amama inafufutika m'mutu mwanga. Ana anga akafunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndilibe chowaonetsa. Koma chimodzi a Zimba anandibwezela tsiku lija. Bulauzi ija inada chifukwa inali yoyela. Amama sanali ku mdima. Nkhopeyo ili m'manja mwa Iye amene anaiumba, ndipo tsiku la kuuka ndidzaiona.