Mwala wa mu impso ya anganga

Ntchito yanga pakhomo pa anganga, kwa Mposa, inali kusankha mpunga. Makolo anga anali atamwalira, ndiye tinkakhala awiriwiri. Mpunga tinkauyanika pansi ndipo unkatola timiyala. Ndinkaupeta pa lichero n'kumachotsa kamodzikamodzi. Masiku ena ndinkafulumira. Anganga akaluma mwala ankangondiyang'ana, n'kumeza.

Ndili sitandade 5, anayamba kumva kupweteka m'nthiti chakumsana. Ankagubuduzika pa mphasa, mkodzo uli wofiira. Tinakwera basi kupita kuchipatala ku Liwonde, khadi lachipani atalimanga pamfundo ya chitenje.

Atawajambula, adokotala anati, "Mayi, muli ndi mwala. Wachoka mu impso, watsakamira m'njira yopita kuchikhodzodzo."

Ndinkadziwa kumene mwalawo unachokera.

"Ndiye muuchotsa bwanji, bambo?" anafunsa anganga.

"Kunja kwabwera makina. Munthu amagona m'madzi, makinawo n'kumamenya mwala ndi mafunde amphamvu mpaka unyenyeke ngati mchenga. Sang'amba khungu."

"Kusinja chimanga thumba lili chimangire? Thumbalo silibooka?"

"Iyayi, mayi."

"Chabwino, ndigonekeni."

"Makinawo kuno kulibe. Ngakhale ku Blantyre kulibe."

"Nanga mwandiuziranji?"

Adokotala anaseka, anganga sanaseke. Adokotalawo anawauza kuti azimwa madzi ambiri ndiponso azisefa mkodzo ndi kansalu. Mwalawo ukapanda kutuluka pakatha milungu iwiri, awatumiza kukang'ambidwa. Mayi anga nawonso anapita kukang'ambidwa kalelo ndipo sanabwerere.

Kunyumba ndinasiya kuphika mpunga. Anganga ataufuna, ndinausankha katatu, mpaka anakalipa kuti ndikuwapha ndi njala. Ndinkawamwetsa madzi ngati ndikuthirira dimba. Kansalu ndinkakamanga ndekha pakamwa pa chitini, n'kumakayang'ana padzuwa. Sindinkamvetsa kuti mwala wolowera kukamwa ungasochere bwanji n'kukafika kumsana. Tsiku lina akugona masana ndinawamenya pang'onopang'ono ndi chibakera pamene pankawapweteka, poganiza kuti mwina makina aja amatero.

"Iwe! Wapenga?"

Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anakuwa kuchimbudzi, kenako anangoti zii. Pakansalu panali kanthu kofiirira, kokhakhala, kosaposa njere ya therere. Ndinakatsuka n'kukaika pa lichero pambali pa timiyala ta mu mpunga. Tinato tinali totuwa. Koma aka kanali kakekake.

"Ukuyang'ananji?" anafunsa.

"Ndi ine, anganga. Sindinkasankha bwino."

Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ine ndameza miyala iwe usanabadwe. Ikanakhala ya mu mpunga bwenzi ndili ndi phiri m'mimbamu."

Titabwerera ku Liwonde, adokotala anati kung'amba kulibenso. Ndinalimba mtima n'kufunsa za mpunga. Anati mwala wotere umamera wokha m'thupi. Izi zinandisokoneza kuposa za makina zija. Nyemba zimamera, inde, koma mwala?

Adokotala anafuna kuusunga mwalawo m'kabotolo, koma anganga anakana. "Ndaubereka ndekha umenewu," anatero, n'kuumanga pamfundo pamodzi ndi khadi lija.

Titafika kunyumba anandipatsa lichero. "Kamodzi kokha," anatero. Ndinadikira kuti alowe m'nyumba, n'kusankhanso kachiwiri.